Ulendo wa ku Lusaka ndi mtima wa mwana wanga

Tinakwera basi ku Kapata kusanache, mwana ali kumsana, kalata ya ku Chipata Central Hospital nditaipinda m'kadi yake ya sikelo. Ali ndi zaka ziwiri. Kuyambira ali khanda ankatuluka thukuta poyamwa, kupuma mwawefuwefu, ndipo kusikelo sankakwera bwino. Adokotala atamuika chomvera pachifuwa anakhala duu nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, mumtimamu muli kaphokoso kosalekeza. Akamuone ku Lusaka."

Msewu wa Great East ndi wautali, makilomita opitirira 550. Katete, Sinda ndi Petauke tinadutsa iye ali mtulo. Pa Nyimba ndinamugulira nthochi. Koma m'mapiri a ku Kacholola, basi ikukhotakhota, kutentha kwa chigwa cha Luangwa kutayamba, ndinaika dzanja pachifuwa pake n'kumamvetsera kupuma kwake mpaka pamlatho. Amayi ena amene tinakhala nawo limodzi anamasula chitenje chawo n'kutchinga dzuwa pawindo, osandifunsa kanthu. Sindidzawaiwala.

Ku National Heart Hospital anamupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kumuunika ndi makina a echo, oonetsa chithunzi cha mtima. Kenako adokotala anatenga pepala ndi cholembera. Mtima nawonso umafuna magazi, anatero, ndipo uli ndi mitsempha yake iwiri ikuluikulu youdyetsa. Mwa mwana wangayu, mtsempha umodzi uli ndi kanjira kolowera m'chipinda cha kumanja cha mtima. Magazi amathawira mmenemo, monga madzi othawa mungalande ya kudimba asanafike pandiwo. Mnofu wa mtima umaperewedwa, mapapo amalandira magazi ochuluka, mwana n'kumatopa. Dzina lake ndi coronary artery fistula.

Kanjira kakakhala kakang'ono amangokayang'anira, tina timatsekeka tokha. Kakakula amalowetsa kapaipi kopyapyala mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka kumtima n'kutseka ndi kawaya kopotana, ndipo zikakanika amachita opaleshoni. Ka mwana wanga n'kakakulu, ndiye afuna amujambule kaye ndi CT, makina ojambula m'kati mwa thupi, kuti aone bwino pamene kayambira ndi pamene kathera.

Ndinafunsa zomwe zinkandidya mumtima zaka ziwiri zonsezi, chifukwa kumudzi ena ankanong'ona: kodi ndinalakwitsa china ndili woyembekezera?

"Ayi amayi, anabadwa nako. Palibe chomwe munalakwa."

Ndinalira pomwepo, anesi atandigwirira mwana.

Pobwerera basi inaima pa Luangwa. Ndinatsika kukagula nsomba zouma za agogo ake, iye ali kumsana akuloza madengu, tsiku lobwereranso litalembedwa pakadi.