Tsiku limene ndinasandutsa mayi wa eni mlonda

Chimene chinandipachika tsiku limenelo ndi pakamwa panga pomwe. Ndinalawirira ku ofesi ina ndi kalata yofunsira ntchito, nsapato zili phuliphuli, mtima uli m'malo.

Pageti ndinapeza bambo wa yunifolomu, buku lolembamo alendo lili pantchafu. Ndi ulemu wanga wonse ndinati, "Mwadzuka bwanji a wotchimani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Wotchimani ndi uja amagona pa katoni ndi chibonga. Ine ndine wachitetezo."

"Pepani a gadi."

Nkhope ija inachita kukwinyika kawiri. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mayinawa, ngakhale onse amaloza munthu mmodzi woima pakhomo, salemera mofanana. Wotchimani ndi gadi tinabwereka ku Chingerezi, ndipo eni ntchito ena amawamva ngati chipongwe. Mlonda ndi dzina lathulathu, lochokera ku kulonda, koma nalo limakumbutsa anthu tochi ndi chikhoti cha usiku. Ukati "achitetezo", munthu amakweza mapewa. Ine nditangoti "bwana", geti linatseguka ngati lili ndi makutu.

Mkati ndinapeza mayi atakhala pa desiki pafupi ndi chitseko cha abwana enieni, foni kumanja, kompyuta kutsogolo. Mdyerekezi wa maphunziro anandilowa. Kusukulu ya utolankhani anatiphunzitsa za Kurt Lewin, katswiri wa za maganizo a anthu, amene m'zaka za m'ma 1940 anatchukitsa mawu akuti gatekeeper, kutanthauza aliyense wosankha chimene chidutse ndi chimene chibwerere. Mu 1950, David Manning White anabweretsa mawuwo ku nyuzipepala, ponena za mkonzi amene ankasankha nkhani zoti zisindikizidwe. Kwa ine limeneli linali dzina la ulemu, la munthu wamphamvu zobisika. Kulakwa kwanga kunali kumodzi: ndinalimasulira.

"Mayi," ndinatero ndikumwetulira, "ine ndikudziwa kuti pano mlonda weniweni ndinu."

Zala zinaima pa kompyuta.

"Mwati ndine ndani?"

Munthu wanzeru akanatsokomola n'kupempha madzi. Ine ndinapitiriza. "Mlonda wa pachipata, mayi. Ngati Petulo ndi makiyi ake aja a pa Mateyu 16:19."

"Ndi satifiketi yanga ya ulembi, lero ndasanduka mlonda? Khalani apo, bambo. Ndikuitanani."

Ndinakhala. Benchi ija ndinaidziwa bwino, msomali uliwonse. Anthu obwera pambuyo panga ankangoti "Zikomo amayi," n'kulowa, n'kutuluka akuseka. Bambo wina wopanda jekete, atapinda malaya m'mikono, anadutsa katatu konse akundipatsa moni, ine n'kumangogwedeza mutu mwamwano poganiza kuti ndi mesenjala. Paja ndinali katswiri wa maudindo.

Nthawi itakwana 5 koloko, mayi aja anazimitsa kompyuta, n'kunyamula chikwama.

"Nanga abwana?" ndinafunsa.

"Si aja amakupatsani moni aja? Apita kalekale. Ine ndikanakuuzani, koma mlonda saloledwa kulowerera za mu ofesi." Anatulukira khomo lakumbuyo la ogwira ntchito.

Ndinatsika masitepe miyendo ili zii, kalata yanga itanyowa ndi thukuta. Kufika pageti, loko wamkulu ali lende. Nkhani inali itandiyambira kale ulendo, chifukwa m'maofesi mawu amathamanga kuposa intaneti.

"Bwana," ndinayamba mofatsa, "nditsegulireniko."

Bambo uja sanadzutse n'komwe mutu pa buku lake. "Ndamva kuti mwalemba mlonda wina kumtundaku, woti ndiye weniweni. Ndiye kuti ine ndine wabodza."

"Ayi bwana, ndimanena za Kurt Lewin..."

"Ameneyonso ndi mlonda? Muli nawo ambiri, achimwene. Kaitaneni mmodzi adzakutsegulireni."