ThinkPad yakale ija tsopano ikuona RAM yake yonse

Sabata ino ntchito inali pa kernel, mtima wa Linux umene umalumikiza mapulogalamu ndi zipangizo za makina. Kwa amene mwangofika kumene, makina ndikunenawa ndi ThinkPad T60 ya purosesa ya Core Duo, yomwe imangomva 32-bit basi. Debian 13 itatuluka mu Ogasiti 2025 yopanda kernel ya makina oterewa, ndinasamukira ku Gentoo, mtundu wina wa Linux, komwe pafupifupi pulogalamu iliyonse umamanga wekha pamakina ako. Ndiye kernel, memori ndi disiki ziyenera kukhala zokonzeka kupirira ntchito yolemetsayo.

Ndatenga Linux 6.12. Ndinayamba ndi make localmodconfig kuti ichotse ma driver a zipangizo zimene ndilibe, kenako make menuconfig kukonza zotsalazo pamanja. Chenjezo kwa ofuna kuyesa: localmodconfig imangosunga ma module (zidutswa za kernel zolowetsedwa pofunika, monga ma driver) amene akugwira ntchito panthawiyo, choncho bayirani kaye flash, mbewa ndi foni musanayiyendetse. Ext4 (kasungidwe ka mafayilo pa disiki) ndi AHCI (driver ya disikiyo) ndaziika mkati mwenimweni mwa kernel, posankha chizindikiro cha nyenyezi osati M mu menuconfig, chifukwa sindigwiritsa ntchito initramfs, kafayilo konyamula ma driver ofunika poyatsa makina. Mukazisiya ngati module, kernel imadzuka n'kulephera kuwerenga disiki yomwe ma module omwewo ali, n'kufera pomwepo ndi uthenga wa "Unable to mount root fs". Ndathimitsanso DEBUG_INFO, imadya malo ndi nthawi pachabe kwa munthu amene sakusaka zolakwika mu kernel.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa High Memory Support. Purosesa ya 32-bit imatha kuloza malo okwana 4 GB okha, ndipo Linux imawagawa pawiri: 3 GB ya mapulogalamu, 1 GB ya kernel. Mu 1 GB imeneyo, kernel imagwira mwachindunji pafupifupi 896 MB ya RAM. Yoposa pamenepo ndiyo amati highmem, ndipo mukasankha off pamenepa, RAM imeneyo imangokhala phee ngati kulibe. Makina anga ali ndi 3 GB, komwe ndi kumapeto kwa zomwe chipset cha Intel 945 chimalola mu T60, ndiye wina angati sankhani 4GB nkhani ithe. Ine ndasankha 64GB. Sikuti ndikulota RAM yochuluka chonchi ayi, koma pa 6.12 kusankha kumeneku kumayatsanso PAE (njira yolola purosesa ya 32-bit kufikira RAM yoposa 4 GB), ndipo popanda PAE purosesa ya 32-bit singagwiritse ntchito NX, chitetezo choletsa kuti malo osungira deta asayendetsedwe ngati pulogalamu. Nditayatsanso makina, free -m inaonetsa RAM yonse, ndipo dmesg inanena kuti NX ili active.

Tsopano nkhani ya tmpfs, njira yosungira mafayilo mu RAM m'malo mwa disiki, nkhani yomwe ndasiyana maganizo ndi anthu ambiri. Malangizo ofala ndi akuti foda ya /var/tmp/portage, momwe Gentoo imamangira zinthu, muiike mu RAM kuti ntchito ithamange. Pamakina a 32 GB zimenezo n'zomveka. Pa anga, tmpfs ikapanda kuuzidwa kukula kwake imaloledwa kufika theka la RAM, ndipo RAM yomweyo ndi imene compiler, pulogalamu yomangira mapulogalamu, ikulimbirana. Fayilo imodzi yolemera ya C++ imatha kumeza memori yoposa 1 GB. Zikakumana ziwirizi, kernel imayamba kukankhira zinthu ku swap (malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza), kanyali ka disiki kamangoyaka osaphethira, fani ikulira, kenako pawindo pamatuluka mawu akuti "Killed signal terminated program cc1plus". Ndiye kuti OOM killer, mbali ya kernel yomwe imapha pulogalamu memori ikatha, wapha compiler kuti makina apume.

Chifukwa china ndi chakuno kwathu. Batire la laputopuyi linafa kalekale, magetsi akathima makina amathima nawo nthawi yomweyo. Zonse za mu tmpfs zimapita osatsala ndi kafayilo komwe. Pa ext4 journal imakonza disiki poyatsa, ndipo zambiri zomwe zinamangidwa kale umazipeza. Ndawonjezera ccache, yosunga mafayilo omangidwa kale, nayonso pa ext4, kuti phukusi likayambiranso lisamangenso mafayilo amene linamaliza dzulo. Kunena zoona, kusiyana kwa liwiro pakati pa tmpfs ndi ext4 sindinakuone kwenikweni, popeza Linux imasunga kale mafayilo ogwiritsidwa ntchito posachedwa mu page cache, ndiye kuti mu RAM momwemo, komanso chochedwetsa apa ndi purosesa. Ndangoika noatime (yoletsa kulemba nthawi imene fayilo yawerengedwa) mu fayilo ya fstab n'kusiya choncho. CONFIG_TMPFS yokha musaichotse, /run ndi /dev/shm zimadalira iyo.

RAM imene ndapulumutsayo ndaipereka kwa zram, swap yokhala mu RAM momwemo koma yopanikizidwa. Ndasankha lz4 osati zstd: zstd imapanikiza kwambiri, koma Core Duo ilibe mphamvu zotayira pamenepo. Zram ndaipatsa priority yapamwamba, swap ya pa disiki n'kukhala yodikirira kumbuyo. MAKEOPTS, yonena kuchuluka kwa ntchito zomanga nthawi imodzi, ili pa -j2 (ziwiri) pa mapaketi ang'onoang'ono, koma akuluakulu a C++ ndawatsitsira ku -j1 kudzera mu package.env, potsatira uphungu wa a Gentoo woti ntchito iliyonse izipatsidwa pafupifupi 2 GB.

Pali khoma limodzi lomwe zonsezi sizingagwetse. Pulogalamu imodzi pa 32-bit singapitirire 3 GB, kaya swap ichuluke bwanji, ndiye zimphona monga Firefox ndi Rust sindizimangira pano. Rust ndatenga yomangidwa kale, rust-bin. GCC, compiler yeniyeniyo, yokha ndiyo ndikufuna ndiione ikumalizika pamakina ano. Ndiiyambitsa Lachisanu usiku, ndipo temperature ndiziyang'anira ndi pulogalamu ya sensors chifukwa phala lothandiza kuziziritsa purosesa silinasinthidwepo chigulireni makinawa.