Ndalama zoponya kumwamba

Tulo takana. Magetsi anathima cha m'ma 7 koloko, foni yatsala ndi 23 peresenti, udzudzu nawo ukuimba kunja kwa neti ngati wachita kulipidwa, ndiye bola ndilembe zomwe zikundizungulira m'mutumu mwina zindisiya.

Nkhani yake ndi ya ankolo, alongo awo a mayi anga, aja ali ndi chilimira ku Makawa. Ndinapitako masanawa kukatenga usipa woti nditumize kwa mayi ku Namwera. Ndinawapeza pamthunzi akusoka ukonde, alovi awo ena ali gonegone m'mbali mwa boti, pathandala mbee, poti masiku ano mwezi ukuwala usiku wonse ndiye usipa sukubwera ku nyali. Kamnyamata kena kanali ndi foni kakuonetsa anzake vidiyo ya roketi ikunyamuka, utsi tolotolo, kenako chigawo chake chapansi n'kubwerera n'kudzatera choimirira. Ankolo anasuzumira kamodzi kokha n'kufunsa kuti zimenezi zimadya ndalama zingati. Ine ndi pakamwa pangapa, m'malo mongoti kaya ankolo, ndinayamba kudzionetsa uphunzitsi. Ndinati imeneyo ndi yaing'ono, pali telesikopu ina ya James Webb yomwe anaitumiza tsiku la Khirisimasi mu 2021, ili kutali makilomita 1.5 miliyoni, inadya madola pafupifupi 10 biliyoni.

Anaika pansi chosokera chija.

"Aphunzitsi," ndi mmene amanditchulira akafuna kundigwetsa, "mwati 10 biliyoni ya kwacha kapena ya azungu?" Ndinati ya azungu. Ndinaonjezanso, chifukwa sindimva, kuti ndalama imeneyo ikuposa bajeti yonse ya boma lathu ya chaka chathunthu, ngakhale iwo anaiwononga pang'onopang'ono kwa zaka zoposa 20. Ankolo anangoti laa ilaha, n'kupukusa mutu. Amvekere munthu ukapita kuchipatala akukulembera kapepala kuti kagule wekha mankhwala, petulo wa injini tikumugona pamzere, ndiye ena ali ndi ndalama zowotcha kumwamba kuti aone nyenyezi? Nyenyezi sizi timaziona ulere tikakhala panyanja?

Alovi anadzuka. Mukudziwa mmene zimakhalira pakayamba mtsutso, aliyense amafuna aone yemwe agwe.

Ndinayamba ndi Freddy chifukwa ndinkadziwa kuti pamenepo palibe angatsutse. Namondwe uja anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, anaoloka nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, analowa Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso cha ku Quelimane mu March asanatipeze ife. Masiku 36. Ndinawafunsa kuti a zanyengo aja ankalengeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe ankamuona ndi maso a ndani pakati pa nyanja pomwe palibe mudzi? Ndi masetilaiti amenewo, ndipo setilaiti siikwera yokha, imakwezedwa ndi roketi yomweyo mukuinenayo. Ndinapitiriza, ndinali nditatentha tsopano, ndinati ngakhale kadontho kabuluu ka pa mapu a mufoni kamadalira masetilaiti a GPS omwe ali makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo mawotchi a m'menemo amathamanga pang'ono kuposa athu pansi pano, kagawo kakang'onong'ono, magawo 38 pa 1 miliyoni a sekondi patsiku. Akapanda kukonza kusiyana kumeneko, tsiku limodzi lokha foni ingakusocheretseni ndi makilomita ngati 10, inu muli pa Makawa iyo n'kumati muli kwina. Amene anatulukira kuti nthawi imachita zimenezo ndi Einstein, masamu ake anawamaliza mu 1915, kulibe setilaiti ngakhale imodzi, ndipo bwenzi inu mulipo nthawi imeneyo mukanati bamboyu akungodya ndalama za anthu.

Ndinamva kukoma, sindinama. Mlovi wina anaomba m'manja.

Ankolo sanafulumire. Anamaliza kaye mfundo yomwe ankamanga, anaiduladula ndi mano, ndiye anati, "Anamuona namondweyo, chabwino. Nanga a ku Chilobwe aja phiri linawagumukira usiku, anapulumuka?"

Zii.

Anati kuona chinthu chikubwera ndi kwina, kukhala ndi kothawira ndi kwina. Munthu wachita lendi kachipinda m'munsi mwa phiri la Soche, wamva pa wailesi, apite kuti ndi ana asanu? Ndinafuna kunena kuti vuto limenelo si la setilaiti, ndi lathu pansi pano, ndipo ndikuonabe kuti ndi zoona, ndalama ya NASA, bungwe la America la za mlengalenga, siifika ngakhale theka la 1 peresenti ya bajeti ya America ndipo ataitseka mawa palibe tambala ingabwere kudzamanga nyumba ku Chilobwe. Koma mawu anakakamira pakhosi. Anthu mazanamazana anapita pa nthawi ija, ena mpaka lero sanapezeke, sizinali zoti ndiziwinira nazo mtsutso pamchenga.

Chomwe chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi funso lawo lachiwiri. Anati za setilaiti avomera, imeneyo ili ngati nyali ya siginala, imathandiza ntchito. Koma chija ndinayamba nacho, cha 10 biliyoni chija, chikuwedza chiyani? Ndinati chikuona kuwala kwa milalang'amba yomwe inalipo zaka zoposa 13 biliyoni zapitazo. Anati ee, ndiye akauona? Ndinati timadziwa mmene zinthu zinayambira. Anati ndiye tikadziwa? Apa ndinayamba kuzungulirazungulira, mwina mtsogolo, mwina ngati za Einstein zija, mwina adzukulu athu. Ndinatchulanso India, kuti dziko lomwe lili ndi amphawi ambirimbiri linatera pa mwezi mu August 2023 ndi chombo chake cha Chandrayaan-3, iwo anati amwenye ndi ochenjera pa malonda, ayenera kuti aonako kanthu kogulitsa, aliyense n'kuseka.

Chodabwitsa, nkhani inatembenuka yokha. Anayamba kukamba za unyamata wawo ku Cape Maclear, kuti ankapalasira bwato azungu ena omwe ankamira pamiyala tsiku lonse kuwerenga mbuna, tinsomba tamawangamawanga tosakwana n'komwe ndiwo za mwana, kutijambula, kutiyang'ana mano, kulemba m'mabuku. Amvekere amisala aja, koma ankalipira bwino. Ine ndinadumphira pomwepo, ndinati mwaona, misala imeneyo ndi yomwe inadziwitsa dziko kuti nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, paki ya kumeneko anaikhazikitsa mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse mu 1984, lero alendo amalipira madola kudzaona mbuna zomwezo. Iwo anati inde, nanga chambo chili kuti? Awerenga nsomba zaka zonsezi, chambo n'kumatha tikuona, ku Malombe uko ana a masiku ano amachimva m'nthano.

Munthu ameneyu sukulu anasiyira sitandade 4.

Pobwerera pa kabaza ndinali wokwiya ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani. Mwina ndekha. Chifukwa kunena zoona, ine sindikonda za mlengalengazi kamba ka Freddy kapena GPS, zimenezo ndimangozitulutsa ngati malisiti ndikapanikizidwa. Ndimazikonda chifukwa ndimafuna kudziwa basi, kuyambira ndili mwana ku Namwera ndikugona pamphasa panja nthawi yotentha. Koma unganene bwanji zimenezo kwa munthu yemwe sabata ino alovi ake sanagawane kanthu? Zimamveka ngati zokamba munthu wokhuta. Kusukulu kwathu labu ilipo dzina lokha, ma eksiperimenti ambiri ndimawajambula pabolodi ndi choko n'kuwauza ana kuti apa madziwa akanasintha mtundu. Ndiye sabata yatha kamtsikana ka fomu 3, kaja sikayankhula m'kalasi, kananditsatira panja n'kufunsa kuti sala, ngati dziko limakoka chilichonse, bwanji mwezi sugwa? Ndinakafotokozera kuti ukugwa ndithu, nthawi zonse, kungoti ukuthamanganso cham'mbali ndiye umaliphonya dziko. Nkhope yomwe kanapanga ija. Sindikudziwa kuti ndingaiike pa mtengo wanji, ndipo ankolo akanati ndiye akadziwa adya chiyani, ndipo funsolo silopusa.

Ndatuluka panja posachedwapa kukataya madzi. Kunja kuli ngwee, mthunzi wa mpanda ukuoneka bwinobwino pansi, kumtsinje wa Shire uko achule okhaokha. Ndaima pang'ono kuuyang'ana mwezi womwe wawalanda ankolo usipawu, makilomita 384,000, nambala ndimaidziwa ine, koma tsiku lomwe mdima ubwerere kuti alowenso m'madzi amalidziwa ndi iwo osayang'ana kalendala, ndipo Ramadan ikayandikira ndi iwo amakhala oyamba kuima pagombe kusakasaka kachidutswa kake kumadzulo. Bwenzi nditawafunsa zimenezo masana aja, kuti nanga inuyo mumayang'aniranji kumwamba. Nzeru zimabwera nthawi yogona.

Usipa anandipatsa theka la bigili, wakale, anakana ndalama. Mawa ndiuperekeze pa minibasi ya ku Namwera ndisanalowe m'kalasi, ngati ndidzuke. 9 peresenti.