CB550 yalira bwino lero, kondensa yandidyera masiku 9

Abale anga, lero Lamlungu njinga yachoka pa Rosettenville kukafika ku Alberton ndi kubwerako osatsokomola ngakhale kamodzi, ndiye ndati ndilembe pompano manja akadali ndi fungo la petulo. Ndi Honda CB550 Four ya 1976 yomwe ija ndinagula chaka chatha kwa mdala wina ku Boksburg, ija ndinaipeza matayala ali phwa, mpando makoswe atadya, mu thanki muli dzimbiri lokhalokha. Thanki ndinathana nayo kalekale ndi viniga, mpata wa mavalavu ndinatchera 0.05 mm olowetsa ndi 0.08 mm otulutsa, mapulagi atsopano a NGK, oyilo watsopano, mapointi ndi makondensa atsopano, tizida tothandiza kuti moto ufike ku mapulagi. Mawu oti atsopanowa muwasunge, tibwererako.

Vuto linali ili. M'mawa ikazizira, ndi chisanu cha June cha kuno ku Joni mukuchidziwa, ndimakoka tchoki, kiki kawiri katatu yalira, mapaipi onse anayi kutentha bwinobwino. Ndikangoyenda mphindi 10 kapena 15 mphamvu zonse balala, kulira kwake kusintha kukhala ngati ya masilinda awiri, kuphulitsa ku ekizozi phaa phaa mpaka anthu a pa robot kutembenuka. Ndikaima m'mbali mwa msewu n'kunyowetsa chala ndi malovu kukhudza mapaipi, a masilinda 1 ndi 4 amachita tsiii, koma 2 ndi 3 ongofunda basi. Ndikadikira theka la ola yalira bwino ngati palibe chachitika. Tsiku lina ndinaikankha kuchokera ku Turffontein mpaka kunyumba, ndipo njinga imeneyi imayandikira makilo 200, ndinafika malaya ali chonyowa m'nyengo yozizira.

Ine maganizo onse anathamangira ku makabuleta. Zifukwa zinalipo. Choyamba ndinali nditangowaphwasula n'kuwamanganso ndekha ndiye ndimadzikayikira. Chachiwiri mapulagi a 2 ndi 3 ndikawamasula amatuluka ali bii komanso onyowa petulo. Chachitatu Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya ndi wopepuka, ndiye njinga zakalezi zikakhala ndi majeti, timabowo todutsa petulo mu kabuleta, omwe zinabwera nawo zimakonda kumwa petulo wambiri kuposa mpweya, izi aliyense wosewera ndi makabuleta kuno amazidziwa. Ndiye ndinati basi, ikumira m'petulo.

Ndinachotsa mzere wonse wa makabuleta anayi a Keihin aja kanayi. Kanayi! Amene munachotsapo pa CB ya masilinda anayi mukudziwa kuti si masewera, malabala a pakati pa kabuleta ndi injini anauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe choyanika, kuti alowe ndimachita kuwaviika m'madzi owira kaye, kenako kukankha ndi bondo uku dzanja lina likugwira airbox, bokosi la sefa ya mpweya, kuti isathawe. Ulendo woyamba ndinayezanso mafuloti onse pa 22 mm. Wachiwiri ndinatulutsa majeti ang'onoang'ono a saizi 38, kabowo kake n'kochepa moti umachita kukaloza kudzuwa kuti uone ngati kuwala kukudutsa, ndinapititsamo katsitsi kamodzi ka waya wa kopa, kupopera mankhwala, kupopera mpweya. Wachitatu ndinatsitsa ma main jet, majeti akuluakulu, kuchoka pa saizi 100. Wachinayi ndinabwereka mageji kwa achimwene ena a ku Turffontein kuti makabuleta akoke mofanana, magetsi anathima ndili pakati, ndinamalizira ndi tochi ya foni ili kukamwa. Ntchito yonseyi ndimaigwira madzulo ndikaweruka, m'kagalaja koti ukalowetsa njinga iwe umayenda cham'mbali. Kutacha kuyesa, chimodzimodzi. Mphindi 15, 2 ndi 3 zii.

Ndinafika poganiza kuti mwina maringi, mwina gasiketi ya hedi yapsa pakati pa masilinda awiri apakatiwo, mtima unawawa chifukwa kutsegula injini kumeneko ndi ndalama zoti pano ndilibe, kumudzi akudikira za feteleza. Ndinayeza compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, onse anayi ali pafupipafupi. Mpumulo pang'ono koma yankho palibe.

Amene anandimasula ndi mdala wina wa ku Germiston, mmodzi wa akuluakulu omwe amasonkhana ndi njinga zakale kumeneko, tinadziwana pa chionetsero cha njinga cha 1000 Bike Show. Ndinamuimbira n'kuyamba kulongosola za mafuloti ndi majeti, iye anangondidula n'kufunsa kuti mapaipi ozizirawo ndi ati. Ndinati 2 ndi 3. Anafunsanso kuti petulo pa makabuleta amenewo amalowera pati, ndinati pakati pa 1 ndi 2, kwinaku pakati pa 3 ndi 4. Ndiye akuti chimene 2 ndi 3 amagawana n'chiyani? Apo m'pamene mutu unatseguka. Pa injini imeneyi mapisitoni 1 ndi 4 amakwera limodzi, 2 ndi 3 limodzi, makoyilo alipo awiri okha ndipo koyilo iliyonse imawombera mapulagi awiri nthawi imodzi, wina moto wake umangotayika chifukwa silindayo imakhala ikutulutsa utsi. Waya wabuluu ndi wa 1 ndi 4, wachikasu wa 2 ndi 3. Mapointi awoawo, kondensa yawoyawo. Mapulagi amanyowa aja sikuti petulo amachuluka ayi, kunalibe moto woti umuotche. Njinga imandiuza kuyambira tsiku loyamba, ine ndimamvera kwina chifukwa mumtima ndinali nditatseka kale nkhani ya moto, poti zonse kumeneko n'zatsopano.

Loweruka ndinaitenthetsa mpaka vuto layamba, n'kutsegula kachivundikiro ka mapointi kudzanja lamanja injini ikulira. Mapointi a 1-4 kamoto kake kosaoneka n'komwe, koma a 2-3 akuthetheka ngati munthu akuwotcherera geti, ndipo nditazimitsa n'kuwasuzumira nkhope zake zinali zitapsa kale, mbali ina kachulu mbali ina kadzenje, mapointi oti sanakwane ndi makilomita 100. Koma kuti ndisanamizire chinthu chosalakwa ndinasinthanitsa makondensa, ya 2-3 kupita ku 1-4, kupala mapointi, kutchera mpata pa 0.35 mm, taimingi pa chizindikiro cha F, kuyendanso. Mphindi 15 zitakwana 1 ndi 4 zii, 2 ndi 3 tsiii. Vuto lasamuka ndi kondensa. Ikazizira imagwira ntchito, ikatentha imafa. Kanthu kochepa ngati chala chaching'ono, kotchipa kuposa chakudya cha masana, ndinakagula pa intaneti mu paketi yopanda ngakhale dzina.

Ndipo chandipulumutsa n'chizolowezi changa chosataya kanthu. Makondensa akale omwe ndinaipeza nawo njinga anali m'chitini cha Ricoffy pamodzi ndi mabawuti, akuda, waya wake wouma. Ndinawapukuta n'kubwezeretsa onse awiri. Ndi amene andipititsa ku Alberton lero. Majeti ndabwezeranso pa 100 kuti ndiyambire pamene Honda anasiyira, za kutsitsa ndiziona ndikawerenga mapulagi bwinobwino moto uli wokwanira, chifukwa zonse ndinaziona masiku 9 aja sizikuwerengedwanso.

Ndikanena za zida, ine malo anga ndi kwa bambo wina ku Booysens amene ali ndi mashelefu a zida zophwasula ku njinga zakufa, fumbi lokhalokha koma ukamuuza chaka ndi mtundu amalowa mkati n'kutuluka nacho m'manja. Kumeneko ndinapeza chivundikiro cha m'mbali ndi loko ya mpando. Cha ku Jules Street mumapezekanso zina ukakhala ndi nthawi yoyenda wapansi, koma uzipita ndi chakalecho m'thumba kuti ukafanizire. Komanso chonde amene mukuyamba kumene, gulani sikuludilaiva ya JIS. Masikuluu a njinga za ku Japan, ambiri ali ndi kadontho pamutu, amaoneka ngati a Phillips koma si amodzi, mukalimbana nawo ndi Phillips mutu umangonyenyeka. Ine ndinaphunzirira pa Yamaha DT125 yomwe ndinakonza zaka zitatu zapitazo, masikuluu asanu ndinachita kuboola. Njinga imene ija ndimaisowabe. Ndinaigula chifukwa imandikumbutsa alangizi a zaulimi kwathu ku Ntcheu, akamabwera pa Yamaha ife ana timamva kulira kwake akadali kutsidya kwa dambo n'kuthamangira kumsewu kukanunkhiza utsi wa two stroke. Ndinaigulitsa kuti ndipeze ya CB iyi, ndipo wogulayo mpaka pano amapita nayo kuntchito.

Anzanga ena akundikakamiza kuti ndiidule kumbuyo ikhale cafe racer, yooneka ngati ya mpikisano, ndichotse airbox ndiike mapodi, timasefa ta mpweya ta kabuleta iliyonse payokha. Felemu sindidula, zimenezo ndakana. Njinga yakhala yathunthu kuyambira 1976, yadutsa m'manja mwa anthu angati osaicheka, ndiye ifere m'manja mwanga? Mapodi nawonso ayi, makabuleta awa anawapangira airbox ndipo nditavutika chonchi sindikufuna kuyambanso kusaka majeti. Chimene ndikufuna ndi mahandulo otsikirako pang'ono, mpando wopyapyala womangira pa mabowo omwe alipo kale kuti wakale uzithanso kubwerera, ndi ekizozi ya 4 into 1 ngati ya CB550F chifukwa mapaipi anayi alipowa awiri anaboola kunsi. Mtundu ndikuganiza wobiriwira wakuda ndi kamzere kagolide, koma mayi a kunyumba akuti wofiira, tikambiranabe.

Za moto ndikulingalira Dyna S, kachipangizo ka elekitiloniki kolowa m'malo mwa mapointi, kuti za mapointi ndi makondensa zitheretu, kungoti ukasintha mtengo wake kuchoka ku madola kubwera ku ma rand mutu umazungulira. Mbali inanso mapointi ndimawakonda chifukwa ukafera panjira umakonza ndi sandipepa ndi sikuludilaiva basi. Amene munaikapo Dyna pa 550 ndiuzeni ngati chaja yake imakwanitsa, poti ma CB awa pa ma rev otsika satchaja kwenikweni ndipo m'tauni muno maroboti ndi ambiri.

Zatsala: buleki yakutsogolo ikugwira osabwerera bwino, kalipa ifunika kuphwasula, cam chain ikuchita phokoso pang'ono, masilo a mafoloko akudontha, kenako pepala la roadworthy ndi disiki ya laisensi. Zikatheka mwezi wamawa ndilowe nawo gulu la Lamlungu m'mawa lopita ku Hartbeespoort ndione mmene ikokere pa mtunda wautali. Ikakhoza kumeneko, December ndikufuna ndipite nayo kumudzi, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka pakhomo pa amayi ku Ntcheu. Thanki ndi ya malita 14 okha ndiye pafunika kachigubu kumbuyo, ndi makondensa ena awiri m'thumba la jekete, akale a ku Booysens ngati bambo aja angawapeze.