Sabata ya lampuki pa doko la mwera

Ndandanda ya ntchito imandipeza pa WhatsApp Lamulungu usiku, ndipo ya sabata yatha nditaiona mtima unakhala pansi: masiku asanu anandilembera Marsaxlokk, mudzi wa asodzi. Ndimagwira ntchito yoperekeza alendo odzaona malo kuno ku Malta, kachilumba ka pakati pa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily. Anzanga ambiri amalimbirana Valletta ndi Mdina, komwe nkhani zakale sizitha ndipo alendo amathokoza ndi kangachepe kooneka. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, pakhomo ponunkhira usipa, choncho mukandiika pomwe pali maboti ndi maukonde ndiye mwandifikitsa.

Dzinali amalitchula kuti Marsashlok, chifukwa m'Chimalta chilembo cha x chimamveka ngati sh. Marsa ndi doko, xlokk ndi mphepo yochokera kumwera chakum'mawa. Mphepo yochokera mbali imeneyo kwathu timaidziwa bwino, ndi mwera uja amagoneka mabwato pamchenga masiku angapo m'miyezi yozizira. Chimvereni tanthauzoli, mumtima mwanga malowa ndimawatcha doko la mwera.

Lolemba ndinali ndi anthu asanu ndi mmodzi, mabanja atatu achikulire opuma pantchito. Ndinali nditachonderera ku ofesi kuti tinyamuke 7 koloko m'malo mwa 9, ndipo anandimvera. Tinafika dzuwa lisanapse, a m'malo odyera akungotulutsa kumene mipando, madzi ali bata. Maboti a luzzu anali mbwee padoko, osongoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, opakidwa utoto wabuluu, wachikasu, wofiira ndi wobiriwira. Kutsogolo kwa boti kumakhala maso awiri, lina uku lina uku. Amati mwambowu unabwera ndi amalinyero a ku Phoenicia kalekale, kuti boti lizipenya njira ndi kuteteza eni ake ku zoipa za panyanja. Alendo akangoona masowo amathamangira kujambula, ndipo sindiwaletsa. Ndimangopempha zinthu ziwiri: asaponde ukonde woyalidwa pansi, ndipo asaloze munthu kamera kumaso asanamupatse moni.

Pali bambo ena achikulire amene ndimawapeza pamalo amodzimodzi, atakhala pa kreti yovundikira. Tsikulo anali atakola ukonde ku chala chachikulu cha kuphazi, mwendo uli tambalale, singano yapulasitiki ikulowa ndi kutuluka osayang'anako n'komwe. Malume anga ankasoka chilimira chimodzimodzi, chala chomwecho, kakhalidwe komweko.

"Bonġu, bambo. Nyanja yakupatsani chiyani lero?"

"Zochepa, mwana wanga, koma za ndiwo zilipo. Alendo akowo uwauze asambiretu. Mkuja mphepo itembenuka."

Ndinawapempha kuti afotokozere alendo za kannizzati, zoyandama za masamba a kanjedza zokopera nsomba, pakuti Okutobala ndi pakati penipeni pa nyengo ya lampuki. Nyengoyi imatsegulidwa pa 15 Ogasiti, tsiku la chikondwerero cha Santa Marija, mpaka kumapeto kwa Disembala. Lampuki ndi nsomba yaitali, yamsana wobiriwira ndi nthiti zonyezimira ngati golide, koma mitunduyo imazilala ikangofa. Imakonda mthunzi. Ikaona chinthu choyandama pakati pa nyanja imabisala pansi pake. Asodzi anaizindikira khalidwe limeneli, ndiye amadula masamba a kanjedza, n'kuwamangirira ku zoyandama, n'kuponya chimwala pansi pa nyanja ndi chingwe chachitali kuti zisatengedwe. Amaziika mondondozana mtunda wautali kulowera pakati pa nyanja, ndipo msodzi aliyense amakhala ndi mzere wake umene boma limamugawira. Boti likafika, ngati nsomba zasonkhana pansi pa masambawo, amazizungulira ndi ukonde n'kukoka. Bambowo anafotokoza ndi manja, dzanja lamanzere likuchita mthunzi, lamanja likuzungulira. Kwathu timaitana usipa ndi kuwala kwa nyali usiku, kuno amaitana lampuki ndi mthunzi masana. Mayi mmodzi wa m'gululo anatsitsa foni n'kuyamba kufunsa kuti chingwe chimatalika bwanji, nanga wina akakuba nsomba pamzere wako umatani. Zimene ndimafuna pantchito yanga ndi zomwezo, kuti mlendo aone kuti boti lokongolalo lili ndi mwini, ndipo mwiniyo ali ndi ana odyetsa.

Masana tinadya aljotta, msuzi wa nsomba wa adyo wambiri, tomato ndi mpunga pang'ono, kenako lampuki yokazinga yothira tomato, maolivi ndi kappar, timphukira towawasa ta kachitsamba komera m'makoma a miyala. Tinakhala patebulo maola awiri ndipo palibe anayang'ana wotchi.

Lachiwiri zinali zina. Sitima yaikulu yonyamula alendo inakocheza ku Valletta, ndipo anandipatsa basi yodzaza, anthu 48. Kampani imene inakonza ulendowo inapanikiza malo atatu m'maola anayi, Marsaxlokk n'kupatsidwa mphindi 45 basi. Zimenezi zimandiwawa nthawi zonse. M'mphindi 45 munthu amatsika, kufunafuna chimbudzi, kujambula boti, kugula kachikumbutso, n'kukwera. Mbiri yonse ndinaikamba pa maikolofoni tili mumsewu: kuti mu Meyi 1565 zombo za Aturuki a ufumu wa Ottoman zinaponya nangula m'doko lomweli pobwera kudzazinga chilumbachi, kuti mu 1610 asilikali a gulu la Yohane Woyera, motsogozedwa ndi Alof de Wignacourt, anamanga linga la St Lucian kuti litchinge khomo limeneli, ndipo lero m'lingamo amachitiramo kafukufuku wa ulimi wa nsomba, kuti mu Juni 1798 asilikali a Napoleon anatsikiranso pomwepa. Nkhani imene imadzutsa ngakhale ogona ndi ya pa 2 ndi 3 Disembala 1989, pamene George Bush ndi Mikhail Gorbachev, atsogoleri a America ndi Soviet Union, anakumana muno patangopita masabata ochepa khoma la Berlin litagwa. Anakonza zokambirana pa sitima zankhondo, koma namondwe anavuta kwambiri mpaka anakakumanira pa Maxim Gorky, sitima yonyamula anthu ya Soviet Union imene inali itamangidwa padoko. Achikulire ena m'basimo anagwedeza mitu, akukumbukira zimene anaona pa TV.

Titatsika, mayi wina anandikoka dzanja n'kuloza kutsidya. Amadandaula kuti chisitima cha gasi chomwe chimakhala ku Delimara ndi zimakina zonyamulira makontena za ku Freeport, cha ku Birżebbuġa, zikumuonongera chithunzi. Ndinamuyankha mwaulemu kuti ku Delimara n'komwe amapanga magetsi ambiri a chilumbachi, ndipo doko ili silinamangidwire zithunzi, ndi la anthu ogwira ntchito kuyambira kale.

Nthawi yonyamuka itakwana ndinawerenga mitu: 46. Ndinawerenganso, 46. Dalaivala anayamba kugogoda chiwongolero. "M'bale wanga, sitima siidikira munthu." Ndinathamanga m'mbali mwa gombe monse thukuta lili kamukamu, mpaka ndinalowa m'tchalitchi cha Amayi Maria a ku Pompei, chija cha nsanja ziwiri ndi denga lofiira lozungulira, chomwe chinakhala parishi mu 1897. Ndinawapeza mmenemo, mwamuna ndi mkazi wake, atagwada pabenchi yakutsogolo atayatsa kandulo. Ndinadikira kuti amalize chizindikiro cha mtanda, kenako tinathamangira limodzi. Tinafika kusitima kutatsala mphindi khumi.

Lachitatu mawu a bambo aja anapherezera. Ndinadzuka kunja kuli chifungafunga, mpweya wofunda ndi wonyowa, malaya akumata pathupi. Xlokk anali atafika. Gulu la tsikulo linali la achinyamata asanu ndi atatu amene analipira kuti akasambire ku St Peter's Pool. Tinaima pamwamba pa phiri ndipo ndinaona mafunde akumenya miyala, thovu likudumpha pamwamba. Ndinawauza kuti lero sitilowa m'madzi. Mnyamata mmodzi anapsa mtima, akuti analipira kale ndipo iye ndi katswiri wosambira. Ndinamuuza kuti pamalopo kulowa m'madzi n'kosavuta, chovuta n'kutuluka, chifukwa palibe mchenga woti funde likulavulirepo, pali miyala yokhayokha. Wokulira kunyanja aliyense anapitako ku maliro a mwera, ndipo pa nkhani imeneyi sindinyengerera munthu ngakhale akandilembe zoipa pa intaneti. Ndinaimbira ku ofesi, tinagwirizana zowabwezera mbali ina ya ndalama, ndipo ndinawatengera ku Għar Dalam.

Għar Dalam ndiye kuti phanga la mdima, ndipo lili pafupi pomwepo, polowera ku Birżebbuġa. M'phangamo anafukula mafupa a mvuu, a njovu zazing'onozing'ono ndi a agwape. Nyamazi zinafika kuno kalekale, nthawi imene dziko linazizira kwambiri, madzi a nyanja n'kutsika mpaka Malta kulumikizana ndi Sicily. Madzi atakweranso zinatsekeredwa pachilumba, ndipo mibadwo ikamapita matupi awo ankachepa. M'nyumba yosungiramo zakale ya pakhomo pa phangalo muli makabati a magalasi odzaza mano ndi mafupa, oyalidwa mizeremizere. Ndimaima nthawi yaitali pa mano a mvuu. Ndi omwe aja ndinkawaona mvuu ikayasamula ku Liwonde, kungoti awa ndi ochepa msinkhu, ndiponso ali pachilumba chouma chopanda mtsinje woyenda chaka chonse. Mnyamata wokwiya uja ndi amene anafunsa mafunso ambiri, ndipo potsazikana anandigwira chanza.

Lachinayi ndinali ku Valletta ndi gulu la ana a sukulu, Lachisanu ndinapuma n'kuchapa.

Loweruka nyanja inali itagona, ndipo ndinapita ku St Peter's Pool ndi banja lina la ana awiri. Kuchokera padoko ndi theka la ola wapansi, ngakhale alipo maboti amene amanyamula anthu kukawasiya komweko. Panjira tinadutsa Tas-Silġ, kaphiri komwe anthu akhala akupembedzerapo zaka zikwizikwi: poyamba kachisi wa miyala ikuluikulu, kenako wa Astarte wa anthu a ku Phoenicia, kenako wa Juno wa Aroma, kenako tchalitchi. Sipatsegulidwa tsiku lililonse, choncho tinangosuzumira pampanda. Dziwe lenilenilo ndi kakhonde ka nyanja kolowa m'thanthwe lachikasu, madzi ake oyera mpaka kuona pansi. Achinyamata amadumpha kuchokera pamwamba, ena amangoyala nsalu pathanthwe. Mthunzi kulibe, ndiye ndimauziratu alendo kuti atenge madzi akumwa, chipewa ndi nsapato zogwira pamwala. Chapafupi pali timaenje tosema m'thanthwe momwe madzi a nyanja amauma n'kusiya mchere. Kamtsikana ka m'banjamo kanatola mchere ndi chala, kulawa, n'kukwinya nkhope, kenako kubwerezanso. Pobwerera ndinadzaza jumbo ndi mabotolo ndi zotsalira za fodya zimene anthu anasiya m'ming'alu. Ndimatero ulendo uliwonse, chifukwa mphepo ikaomba zonsezo zimathera m'madzi momwe muli nsomba za bambo aja.

Lamulungu ndiye tsiku limene mabuku onse a alendo amatchula. Pakati pa sabata nsomba zambiri zimapita ku msika waukulu wa ku Marsa, koma Lamulungu zimagulitsidwa pagombe pomwepo. Amene amafika 11 koloko amapeza chinamtindi cha anthu, kukankhana pakati pa mabenchi a zovala, uchi, zidole ndi bizzilla, nsalu zoluka ndi manja, nsomba zabwino zitapita kale. Ine ndinafikitsa gulu langa 8 koloko isanakwane, belu la Misa likulira, amayi a m'mudzimo akusankha ndiwo ndi madengu awo. Pa ayisi panali lampuki milumilu, zidutswa za pixxispad, chinsomba chamlomo wonga lupanga, ndi qarnit wa miyendo isanu ndi itatu amene alendo ena amaopa ngakhale kumukhudza. Ndinawaonetsa kasankhidwe kamene amayi anga anandiphunzitsa ndili wamng'ono: diso likhale lowala, ukatukula kuseri kwa mutu mkati mukhale mofiira, ukadina ndi chala mnofu ubwerere. Mayi wogulitsa anandiyang'anitsitsa n'kufunsa kwathu. Nditati ku Malawi, dziko lopanda nyanja yamchere koma lokhala ndi nyanja yaikulu kuposa Malta kambirimbiri, anandifunsa ngati nsomba zake zimakoma. Ndinamuuza za chambo, ndipo anati tsiku lina ndidzamubweretsere.

Alendo ndinawagulira imqaret zotentha, timitanda tokazinga toika zipatso za kanjedza mkati, n'kuwasiya kuti ayende okha ola limodzi. Nditawabweza ku hotelo yawo ndinakwera basi nambala 81 kubwerera kudoko, chifukwa mkazi wa bambo osoka ukonde aja anali atandisungira lampuki ziwiri pansi pa benchi. Madzulo ndinaziwaza mchere, kuzikazinga ndi tomato ndi anyezi, n'kuphika nsima ndi ufa umene ndimagula pa sitolo ina ku Ħamrun. Ndili mkati modya foni inalira. Ndandanda yatsopano: Mdina kawiri, Gozo kamodzi, Valletta, ndipo Marsaxlokk Lachinayi lokha, kunyamuka 9 koloko. Ndinasamba m'manja n'kulembera ku ofesi kupempha kuti ikhale 7.