Oika mitengo ya magetsi: tiziwavotera kapena boma liziwasankha?

Teremu ino, m'kosi ya zachuma yomwe ndikuphunzira ndili konkuno ku Nchalo, tafika pa mabungwe oyang'anira makampani a magetsi ndi madzi. Funso la asainimenti ndi lalifupi: anthu oika mitengo ya magetsi tiziwavotera, kapena boma liziwasankha? Anzanga ambiri pa gulu lathu la WhatsApp akuti tiziwavotera. Ine ndikukana, ndipo ndikukanira anthu omwe pakhoma la nyumba yawo palibe mita.

Zitsanzo zathu zachokera ku America, komwe chigawo chilichonse chili ndi komishoni yake yoika mitengo ya magetsi. M'zigawo zambiri makomishonala amasankhidwa ndi bwanamkubwa, koma m'zigawo pafupifupi 10, monga Georgia, Arizona, Louisiana ndi Alabama, anthu amawavotera. Mu 2003 akatswiri a zachuma Timothy Besley ndi Stephen Coate adapeza kuti komwe anthu amavotera makomishonala, magetsi a m'nyumba amatsikirako mtengo. Chifukwa chake n'chomveka. Povotera bwanamkubwa, nkhani ya magetsi imamira pakati pa misonkho, sukulu ndi zipatala, pomwe komishonala anthu amamuweruza ndi bilu basi.

Anzangawo amaimira pomwepa, koma mtengo wotsikawo pali amene amaulipira. Kampani ya magetsi imamanga ndi ngongole. Obwereketsa akaona kuti oika mitengo amaopa ovota, amakayika ngati ndalama yawo idzabwerera, ndiye amakweza chiwongoladzanja. Kampani nayo ikapanikizika imayamba kuzengereza pa zomwe sizioneka msanga: kusintha matransifoma okalamba, kusadza mitengo m'mbali mwa mawaya, kukokera magetsi kumidzi. Transifoma imagwira ntchito zaka makumi angapo, komishonala amakhala pampando zaka 4 kapena 6. Ikamadzapsa iye ali kwawo kalekale.

Chinanso, chisankho chotere anthu ambiri sachilabadira, koma kampani imachilabadira kwambiri. Ku Arizona, kampani ya Pinnacle West, mwini wake wa kampani yaikulu ya magetsi m'chigawocho, idavomera mu 2019 kuti idathira mamiliyoni a madola mwachinsinsi pa chisankho cha makomishonala cha 2014. Ku Georgia makomishonala ovoteredwa adalola kuti ntchito yokuza siteshoni ya nyukiliya ya Vogtle ipitirire mpaka ndalama zidapitirira madola 30 biliyoni, ndipo mabilu adakwera. Anthu a ku New Mexico adachita kuvota okha mu 2020 kuti aleke kuvotera makomishonala. Kuyambira 2023, m'malo mwa asanu ovoteredwa kuli atatu osankhidwa ndi bwanamkubwa.

Ife a kuchigwa kuno tikudziwa zomwe zimachitika dziko likakhala lopanda magetsi ena odalira siteshoni imodzi ikaonongeka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira ku Chikwawa konkuno, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima, ndipo padatha chaka ndi miyezi asanabwerere onse. Amayi ankasenza matumba a chimanga kupita kuchigayo m'bandakucha, kudikira mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako n'kubwerera nacho chosagaya. Owotcherera zitsulo ankangokhala pa mabenchi, mageti a makasitomala atatsamira khoma. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, nsomba ndi nyama sizidikira kuti magetsi ayake. Kuti siteshoni imodzi ikagwa dziko lisagone mumdima pamafunika kuti ndalama zomangira ina zikhale zitasonkhedwa zaka zam'mbuyo, ndipo ndani angapambane chisankho akuuza anthu kuti awonjezere ndalama ya mayunitsi lero chifukwa cha madzi osefukira omwe sanabwere?

Pa kalembera wa 2018, mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi m'dziko muno. Mnzanga wina adati ndiye kuti opanda magetsi ndi ambiri, adzavotera wolonjeza mapolo. Sindikukhulupirira. Wogula mayunitsi ku Blantyre amamva kuwawa mwezi ndi mwezi, amaimba foni pa wailesi, amadziwa woti amuloze chala. Mayi wa m'mudzi wa kuseri kwa Bangula sangadandaule za polo lomwe sanalionepo, ndipo palibe amene adzamuuze kuti ndalama yolikumbira idathera pa kutsitsira ena mtengo.

Apa ndisanamize anthu kuti osankhidwa ndi boma alibe banga. Kwathu kuno bodi ya MERA, bungwe loika mitengo ya magetsi ndi mafuta lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, sitiivotera. Komabe mtengo wa petulo udaima malo amodzi kuchokera mu Novembala 2023, mwezi womwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mpaka chisankho cha Seputembala 2025 chitadutsa. Pa bolodi mtengo unali wabwino, koma mafutawo kunalibe, ndipo akabaza a njinga zamoto ankagula a m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri. Zimenezi zikundilimbitsa pa mfundo yanga: ngati mantha a mavoti amafika pa munthu yemwe dzina lake silili pa balota, kuli bwanji yemwe lake lili pomwepo?

Mu asainimentimo ndikulemba kuti makomishonala azisankhidwa ndi boma, koma Nyumba ya Malamulo iziwafunsa mafunso poyera, nthawi yawo isamathere limodzi ndi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo asamachotsedwe popanda mlandu womveka. Ndawonjezanso mfundo yanga, yomwe sindinaipeze m'manotsi a aphunzitsi: misonkhano yomva maganizo a anthu pa mitengo izitsika Thabwa, izichitikira pa Chikwawa, pa Ngabu ndi pa Nsanje, m'Chichewa ndi m'Chisena, ndipo kampani izinena pamaso pa mafumu midzi yomwe ilandire magetsi ndi ndalama yomwe ikupemphayo.