Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Dzanja la Amalume ndi Singano Ziwiri

Ndikuthokoza nonse amene mwandipempha kuti ndipitirize pamene ndinalekezera, makamaka mayi amene anafunsa chifukwa chimene msoko wa malamba anga sumasuka ngakhale lambayo atakalamba. Yankho lake lili m'nyengo imene amalume anadwala, choncho sindingafotokoze kasokedweko popanda kukamba za matendawo.

Mukukumbukira kuti ntchito itandithera ndinabwerera ku Chinamwali, ndipo zaka zingapo zinadutsa popanda chokamba. Kenaka amalume aja, amene ankasoka nsapato pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, anadwala sitiroko ndipo dzanja lawo lamanja linafa. Munthu amene ankadziwa kukhuthala kwa chikopa pongochitsina anayamba kumwetsedwa phala ndi akazi awo. Mmawa uliwonse ankapempha kuti tiwatulutsire bokosi la zida pakhonde, nkumaliyang'ana osalitsegula. Tsiku lina ndinawapeza akuyesa kulowetsa ulusi pa singano ndi dzanja lamanzere, singanoyo ataigwira ndi mano, misozi ikutsika. Atandiona sanabise nkhope. Anangoti, "Mphwanga, khala apa, undibwereke manja ako."

Kuyambira pamenepo iwo ankalankhula, ine ndikusoka. Anayamba ndi kasankhidwe ka chikopa. Lamba amadulidwa motsata msana wa chikopa cha ng'ombe chokhuthala mamilimita 3 kapena 4, chifukwa cha kumimba n'chofewa ndipo chimatamuka, pamene cha mbuzi chimayenera zikwama zing'onozing'ono. Ankakonda chikopa chofufutidwa ndi makungwa, chimene ukachinyowetsa pang'ono chimalola kudindidwa maluwa ndi kupindidwa, koma anandichenjeza kuti chikakhala chonyowa chisakhudzane ndi chitsulo, poti chimada pomwepo ndipo bangalo silichoka.

Pa kasokedwe m'pamene ankauma mtima. Choyamba umalemba mzere mamilimita 4 kuchokera m'mphepete, kenaka umaboola mabowo otalikirana mofanana ndi choboolera chimene iwo anasula kuchokera ku sipoko ya njinga. Ulusi umautalikitsa kanayi kuposa msoko, umaupaka phula la njuchi, ndipo umaika singano kumapeto konse kuwiri. Pa bowo lililonse singano zonse ziwiri zimadutsa, ina kuchokera uku, ina uko, ndipo imene yayamba pa bowo loyamba iyenera kuyambanso pa mabowo onse, apo ayi msoko umakhota. Pomaliza umabwerera mabowo awiri kapena atatu, nkutentha nsonga ya ulusi wa nayiloni ndi machesi. Makina amangokoletsa ulusi wapamwamba ndi wapansi pakati pa chikopa, motero umodzi ukaduka msoko umayamba kumasuka, koma pa singano ziwiri ulusi wotsalawo umagwirabe. Ichi n'chifukwa chake ndimakana kugula makina, ngakhale ena mumati ndimachedwetsa katundu. Ndikakoka ulusi mopitirira, chikopa nkuchita makwinya, amalume ankamenya pansi ndi ndodo, ndipo ndinkamasula mzere wonse.

M'mphepete mwa lamba tinkasalazamo ndi sandipepa, kunyowetsa ndi chala, kukhutiza ndi nsalu yolimba mpaka mutawala, ndipo phula linkabwera pomaliza.

Mvula ya mu Januwale 2015, imene inabweretsa madzi osefukira m'chigawo chakummwera, ndiyo inali yomaliza kwa amalume. Kuno kunsi kwa phiri chinyezi chinalowa m'nyumba ndipo zikopa zonse zinachita nkhungu. Ali chigonere, mawu akumveka movutikira, anandiletsa kuziyanika padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa chikopa chouma ndi kutentha chimalimba nkusweka. Anati ndizipukute ndi nsalu yoviika m'madzi osakaniza ndi viniga, ndizipachike pamthunzi podutsa mphepo, ndipo zikauma ndizipake mafuta pang'ono. Zikopazo zinapulumuka. Iwo anatisiya mvula isanathe.

Pano ndiyankheko msuweni wanga amene mpaka lero amauza anthu kuti ndinalanda bokosi la zida pamaliro. Achimwene, bokosilo amalume anandipatsa ali moyo, akazi awo ndi mkulu wa mpingo ali pomwepo, ndipo miyezi yonse imene ankadwala inu simunaponde pakhomo paja ngakhale kudzawatembenuza pamphasa. Munalibe chuma m'bokosimo. Munali mipeni iwiri, mwala wonolera, nyundo, choboolera chija ndi chibulumwa cha phula. Ngati mukufuna kuphunzira ntchitoyi, bwerani Loweruka, ndidzakupatsani zidutswa za chikopa kuti muyambire kuboola mzere wowongoka.

M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene ndinayambira kufufuta ndekha zikopa za mbuzi zimene ndinkagula kwa opha nyama ku Songani, ndiponso mkangano umene fungo lake linabweretsa pakati pa ine ndi eni nyumba.